Zinabwera pamutu, sizingabwerere: mbiri ya doko louma pa Nyanja ya Malawi

Munthu wa ku Lirangwe akafuna kuona nyanja amachita kukwera galimoto, kuwoloka Shire, n'kuyenda maola angapo asanamve fungo la usipa wauwisi. Ku Chileka nako chomwe anthu anazolowera ndi mkokomo wa ndege. Komatu zambiri mwa sitima zikuluzikulu zomwe zayenda pa Nyanja ya Malawi, kuyambira za amishoni mpaka Ilala yomwe tikuidziwa lero, zinadutsa m'madera akumidzi a boma la Blantyre omwewa. Zinadutsa zili zidutswazidutswa, zina pamitu ndi pamapewa a atengatenga, zina m'mabogi a sitima yapamtunda.

Sitima yobwera motero ilibe njira yobwererera. Ya pa nyanja yamchere ikawonongeka ku Beira imatha kukwawa mpaka ku Durban kuti akaikonze. Ilala ikabooka kumimba singapite ku Glasgow komwe inapangidwa, ngakhale ku Beira komwe inatsikira, poti mathithi a Shire anaitsekera m'nyanja muno. N'chifukwa chake aliyense amene wayendetsapo sitima m'dziko lino wakumana ndi funso lomwelomwelo: chitsulo cholemera matani mazanamazana, chili m'madzi, mungachitulutse bwanji kuti muone kunsi kwake?

Njira zitatu zoitulutsira

Makaniko wa minibasi pa Lunzu akafuna kuona kunsi kwa galimoto amaiimika pamwamba pa dzenje, iye n'kutsikira pansi ndi sipanala. Doko louma, lomwe amalinyero amalitchula kuti dry dock, ntchito yake ndi yomweyo. Mbali ya sitima yomwe imakhala m'madzi usana ndi usiku ndiyo imasunga moyo wa onse okweramo. Kumeneko ndiye kuli zitsulo za kumimba, pulopela, shafuti yomwe imazunguza pulopelayo, chiwongolero, ndi mabowo olowetsa madzi oziziritsa injini. Wodziwa kumira akhoza kukasuzumira n'kufotokoza zomwe waona, koma kudula chitsulo chodyeka, kuwotcherera china chatsopano n'kupaka penti kumafuna pouma.

Njira yoyamba ndi yakale kwambiri, ndipo asodzi a ku Makawa, Msaka ndi Senga Bay amaichita mpaka lero. Amakokera bwato kapena boti pamchenga, n'kulipendeketsa, kupala ndere, kutseka ming'alu ndi nsanza ndi phula, pena n'kukhomerapo kachidutswa ka lata. Sitima ikakula, mchenga umalowedwa m'malo ndi njanji zotsetserekera m'madzi zomwe amati slipway. Chikuku chachitsulo chimatsika pa njanjizo n'kulowa pansi pa sitima, kenako makina amachikoka ndi zingwe za waya mpaka sitima yonse ifike kumtunda.

Yachiwiri ndi dziwe lokumba m'mphepete mwa nyanja, lomangidwa ndi miyala kapena konkire, lokhala ndi chitseko chachikulu. Sitima imalowa dziwelo lili lodzaza, chitseko n'kutsekedwa, madzi n'kupopedwa mpaka sitima itakhala pa mitsamiro yomwe anaiyala pansi.

Yachitatu ndi doko loyandama. Ili nalo ndi chombo pachokha: bwalo lachitsulo lokhala ndi makoma awiri ataliatali m'mbali, kutsogolo ndi kumbuyo kuli pululu, m'kati mwake muli mathanki okhaokha. Akatsegula mavavu, madzi amalowa m'mathanki, doko n'kumira mpaka kungotsala nsonga za makoma. Sitima imalowa pakati. Akayatsa mapampu, doko limadzuka pang'onopang'ono litanyamula sitimayo. Doko lamtunduwu ndilo lakhala likunyamula sitima za Malawi ku Monkey Bay.

Kumene zinayambira

Luso limeneli silinayambe dzulo. Ku China, mlembi wina wotchedwa Shen Kuo analemba mu 1088 za momwe anakonzera ngalawa zikuluzikulu zachifumu zomwe zinali zitayamba kuola kunsi. Anakumba dziwe pafupi ndi nyanja, nazikamo mizati yokhala ndi mitanda pamwamba, nalowetsa madzi ndi ngalawazo, kenako n'kuchotsa madzi, ngalawa n'kutsala zili m'malere pa mitanda. Ku England, mfumu Henry VII inalamula kuti ku Portsmouth kumangidwe doko louma mu 1495. Khomo lake ankalitseka ndi matabwa, dongo ndi miyala, moti kutulutsa sitima imodzi kunkatenga masabata anthu akukumba.

Kummwera kwa Africa madoko otere anabwera ndi sitima za nthunzi zozungulira ku Cape. Robinson Dry Dock ya ku Cape Town inatsegulidwa mu 1882, Selborne ya ku Simon's Town mu 1910, Prince Edward ya ku Durban mu 1925, ndipo Sturrock, ya ku Cape Town komweko, mu 1945. Ya ku Durban ndi yotalika mamita oposa 350. Ilala, yomwe ndi ya mamita 52, itati ilowemo pamodzi ndi zinzake zisanu zofanana nayo, zonse zikhoza kundandalikana mzere umodzi malo n'kutsalako.

Mathithi omwe anaphwasula sitima

Malire a kumadzulo a boma la Blantyre ndi mtsinje wa Shire, ndipo chigawo chimenechi ndicho chaukali. Kuchokera ku Kholombidzo, kudutsa Nkula, Tedzani ndi Mpatamanga mpaka ku Kapichira, madzi amatsika mamita oposa 350 pa mtunda wa makilomita pafupifupi 80. Lero mathithiwa amatipatsa magetsi. Kwa azungu oyamba omwe ankafuna kufika kunyanja pa sitima, anali khoma.

David Livingstone analephera kulidumpha. Anabweretsa sitima yophwasulika yotchedwa Lady Nyassa, nayamba kulambula msewu wolambalala mathithi, koma mu 1863 boma la Britain linamuitana kuti abwerere. Lady Nyassa sinaione nyanja yomwe anaipangira. Livingstone anaiwolotsa nyanja yamchere mu 1864 n'kukaisiya ku Bombay.

Omwe anakwanitsa ndi a mishoni ya Livingstonia mu 1875, motsogozedwa ndi E.D. Young, pamodzi ndi Dr Robert Laws. Kasitima kawo, Ilala yoyamba, kanapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku London, ndipo kanalumikizidwa ndi mabawuti kuti kazitha kumasulidwa. Dzinalo analitenga ku dera la Ilala, m'dziko la Zambia lero, komwe Livingstone anamwalirira mu 1873. Anakamanga pa matsiriro a Zambezi, kanayenda mpaka kunsi kwa mathithi, anakamasulanso, ndipo mafumu a Amakololo anasonkhanitsa anthu mazanamazana omwe anasenza zidutswazo m'matanthwe ndi m'dzuwa la chilimwe. Kumtunda kwa mathithi anakamanganso kachiwiri, ndipo pa 12 Okutobala 1875 kanalowa m'nyanja.

African Lakes Company itakhazikitsidwa mu 1878, njira ya katundu inakhazikika. Sitima za kumunsi zinkatsitsa katundu kwa Katunga, pafupi ndi Chikwawa. Atengatenga ankakwera naye zitunda mpaka ku Mandala, n'kutsetsereka naye msewu wa Matope, womwe unkadutsa m'dera la Lunzu ndi Lirangwe. Pa Matope Shire amakhalanso wofatsa, ndipo m'masiku amenewo panali pa doko lenileni. Sitima ya mishoni ya UMCA yotchedwa Charles Janson inamangidwira pomwepo n'kulowa m'madzi mu 1885. Ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, nayo inabwera njira ya Shire m'zidutswa, nimangidwa ku Mpimbi mu 1893.

Mtolo wa mtengatenga mmodzi unkakhala wa makilogalamu pafupifupi 25, ndipo okonza mapulani a sitima ku Scotland ankadula zitsulo poganizira khosi la munthu ameneyu. Chauncy Maples, yomwe inatchedwa dzina la bishopu wa Anglican amene anamira m'nyanja mu 1895, inapangidwa ndi kampani ya Alley & McLellan ku Glasgow n'kutumizidwa m'zidutswa 3,481. Chomwe sichikanadulika ndi boyila, cholemera matani 11. Anachikweza pa ngolo ya mateyala achitsulo, ndipo amuna 450 achingoni anachikoka mtunda wa mamailosi 64, patsiku n'kumayenda mamailosi atatu okha, thukuta lili kamukamu. Zitafika kwa Mponda, pafupi ndi Fort Johnston yomwe lero ndi Mangochi, amisiri anapeza kuti manambala omwe analembedwa pa zidutswa anakwiririka pomwe zitsulozo ankazikuta ndi zinki yoteteza dzimbiri. Anachita kuyesa chidutswa ndi chidutswa, ndipo ntchito inatenga zaka ziwiri. Sitimayo inalowa m'madzi pa 6 Juni 1901.

M'zaka zonsezi kukonza sitima kunali kwa pamchenga ndi pa slipway. Ikagunda mwala, ankafuna gombe labata, kuikokera pamtunda momwe akanathera, n'kuyamba kukhoma.

Tsiku lomwe slipway inaluzitsa nkhondo

Sitima ikakhala pamtunda imakhala yopanda mphamvu, ndipo Ajeremani anazionera okha mu Ogasiti 1914. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba ku Ulaya, uthenga unafika ku Zomba pa waya usanafike ku madoko a Ajeremani kutsidya la nyanja. Boma la Nyasaland linatuma Kaputeni Edmund Rhoades ndi sitima ya Guendolen, yomwe inamangidwa ku Fort Johnston n'kuyamba ntchito mu 1899, kuti akasake Hermann von Wissmann.

Anakaipeza ku Sphinxhafen, komwe lero ndi Liuli m'dziko la Tanzania, itakokeredwa pa slipway, akuikonza. Sikanatha kuthawa kapena kutembenuka. Mfuti yaikulu ya pa Guendolen inaphonya kangapo, kenako chipolopolo chinamenya. Nkhani yomwe yakhala ikusimbidwa ndi yoti Kaputeni Berndt wa Ajeremani, amene anali mnzake wa Rhoades wa pa mowa, anapalasa boti kudzafunsa mwaukali ngati mnzakeyo waledzera, osadziwa kuti maiko awo ali pankhondo. Anagwidwa pomwepo. Angerezi anachotsa mfuti ndi zida zina za injini pa sitimayo, ndipo mu Meyi 1915 anabwereranso kudzaiwononga.

Zotsatira zake zinali zazikulu. Nyanja yonse inatsala m'manja mwa Angerezi, omwe anatha kutumiza asilikali kumpoto pa sitima, ndipo pa 9 Sepitembala 1914 anabweza Ajeremani pa nkhondo ya ku Karonga. Mfuti ya Hotchkiss ya pa Guendolen ili pafupi ndi nsanja ya wotchi pa boma la Mangochi.

Shire ataphwa, njanji inalowa

Doko la Matope silinaphedwe ndi nkhondo koma ndi madzi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 nyanja inayamba kutsika, mchenga ndi udzu zinatseka pomwe Shire amatulukira, ndipo kuyambira cha mu 1915 mpaka 1935 mtsinjewu unasiya kutenga madzi m'nyanja. Sitima sizikanathanso kutsika mpaka ku Matope, ndipo ngakhale pa Fort Johnston panavuta kufikapo.

Njanji ndiyo inatenga malo. Ya Shire Highlands inafika ku Blantyre mu 1908. Mu 1935 mlatho wa Dona Ana pa Zambezi, wotalika makilomita oposa atatu ndi theka, unatsegulidwa, ndipo chaka chomwecho njanji ya kumpoto yodutsa pa Lunzu, Lirangwe, Balaka ndi Chipoka inafika ku Salima. Kuyambira pamenepo chitsulo chotsitsidwa ku Beira chinkatha kufika m'mphepete mwa nyanja chisanakwere pamutu pa munthu. Kampani ya Nyasaland Railways inatenganso ntchito yoyendetsa sitima zapamadzi, poyamba ndi Mpasa, kenako Vipya.

Vipya sinakhalitse. Pa 30 Julaye 1946, itangoyenda maulendo ochepa, inakumana ndi mwera pafupi ndi Florence Bay, komwe lero ndi Chitimba, nigubuduzika. Anthu 145 anafa. Dziko linatsala lopanda sitima yabwino ya anthu, ndipo oda yatsopano inapita ku Yarrow, kampani yomwe ija inapanga Ilala yoyamba, koma tsopano itasamukira ku Scotstoun, ku Glasgow. Ilala yachiwiri, ya matani 620, inapangidwa mu 1949, inaphwasulidwa, inatsikira ku Beira, n'kukwera njanji mpaka ku Chipoka. Omwe ankakhala pafupi ndi siteshoni ya Lirangwe masiku amenewo, mabogi omwe ananyamula nthiti za Ilala anawadutsa pakhomo. Anaimanga ku Monkey Bay, ndipo inayamba ntchito mu 1951.

Monkey Bay, yomwe eni dera amaitcha Lusumbwe, sanaisankhe mwangozi. Ndi malo a madzi ozama otchingidwa ndi mapiri, moti mwera ukamawinduka kunja, m'kati mumakhala bata. Kumeneko ndiko kunakhazikika malo omangira ndi kukonzera sitima, okhala ndi slipway ndi doko loyandama.

Kuti doko likhale loyandama, chifukwa chake chili m'khalidwe la nyanjayi. Dziwe lokumba limamangidwa poyezera pomwe madzi amalekezera. Nyanja ya Malawi imakwera ndi kutsika chaka ndi chaka malinga ndi mvula, ndipo pa zaka makumi angapo kusinthako kumafika mamita angapo. Nyanja yomwe inaumitsa Shire mu 1915 ndi yomweyo inasefukira mu 1980 ndi mu 2024, n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi. Dziwe la konkire likanatsala pamtunda m'zaka zina, n'kumizidwa m'zaka zina. Doko loyandama limakwera ndi kutsika limodzi ndi nyanja.

Sitima ikakwera pa doko

Ntchito imayamba sitima isanafike. Sitima iliyonse ili ndi pulani yosonyeza maonekedwe a kumimba kwake, ndipo amisiri amayala mitsamiro pa bwalo la doko motsatira pulaniyo: mzere wapakati wolandira msana wa sitima, ina m'mbali yoichirikiza. Pamwamba pa mtsamiro uliwonse pamakhala thabwa, kuti chitsulo chisakhale pa chitsulo chinzake. Mtsamiro ukalakwika malo ukhoza kuphwanya pomwe pali bowo la madzi kapena kubinya chitsulo pakati pa nthiti ziwiri.

Sitima imabwera yopepuka, katundu atatsitsa, mafuta ndi madzi a m'mathanki atawayeza kuti isapendekeke. Silowa ndi injini zake. Amaikoka ndi zingwe, anthu ali pa makoma onse awiri, wina akuyang'ana ngati mphuno yake yalunjika pakati penipeni. Kenako mapampu amayamba. Nthawi yomwe aliyense mtima umakhala m'mwamba ndi pomwe kumbuyo kwa sitima kwagunda mtsamiro woyamba, kutsogolo kukadayandama. Pamenepo sitima yayamba kusiya kudalira madzi koma sinakhazikike pa doko, ndipo ikhoza kupendama. Ikakhala pa mitsamiro yonse, mapampu amapitiriza mpaka bwalo lituluke pamwamba pa madzi.

Munthu akaima pansi pa sitima yotere, chitsulo chimakhala pamwamba pa mutu wake, chikudontha, chitakutidwa ndi ndere zobiriwira. Choyamba ndi kutsuka ndi madzi amphamvu ndi kupala. Chitsulo chikayera, mbiri ya maulendo imaonekera: apa inakhula mchenga, apa inagunda mwala, apa pali chigamba cha zaka zapitazo. Kale woyendera sitima ankagogoda ndi hamala n'kumvetsera, chifukwa chitsulo chodyeka chimalira mosiyana ndi chamoyo. Masiku ano pali kachipangizo komwe amakagunditsa pa chitsulo n'kuwerenga kuchindikala kwake. Pomwe papyapyala kupitirira muyezo amazunguliza choko, wodula amabwera ndi moto wa gasi, ndipo owotcherera amaikapo chitsulo chatsopano.

Kumbuyo ena amakhala akulimbana ndi pulopela. Amaimasula, kuona ngati mapeni ake apindika kapena kubenthuka, n'kusolola shafuti kuti ayeze ngati yadyeka pomwe imatulukira m'sitima, chifukwa pamenepo pakakhala mpata madzi amalowa. Chiwongolero amachigwedeza kuona ngati chikulobodoka. Mavavu a mabowo a madzi amawamasula n'kuwapala. Tcheni cha nangula amachitsitsa chonse n'kuchiyala pa bwalo kuti aone mphete iliyonse. Penti imabwera pomaliza, mosanjikiza: yoteteza dzimbiri pansi, yoletsa zomera pamwamba. Asanamize doko, wina amazungulira kuwerenga zitsekerero zonse za kumimba zomwe anamasula pokhetsa mathanki, poti chimodzi chikaiwalika sitima imayamba kumwa madzi isanachoke n'komwe.

Pa nyanja zamchere, malamulo a pangano la SOLAS amafuna kuti kunsi kwa sitima ya katundu kuyenderedwe kawiri pa zaka zisanu zilizonse, osadutsa miyezi 36 pakati pake, ndipo ya anthu chaka chilichonse. Sitima za pa Nyanja ya Malawi zimayendera lamulo la dziko lino la Inland Waters Shipping Act, ndipo oziyendera n'kupereka ziphaso ndi a nthambi ya zapamadzi mu unduna wa zamtengatenga. Mwayi womwe zili nawo ndi madzi opanda mchere. Dzimbiri limadya pang'onopang'ono, ndipo tizigoba tomwe timamatirira sitima za kunyanja yamchere kuno kulibe. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe sitima ya 1949 ikadali pamadzi, pomwe zinzake za msinkhu umenewo za kunyanja yamchere zinadulidwa kalekale. Komabe Ilala ili ndi chitsulo chimodzi chokha kumimba, pomwe sitima zamakono zimakhala ndi ziwiri, china m'kati mwa chinzake. Chimodzicho chikabooka palibenso chotchinga, n'chifukwa chake kuiyendera pa doko si nkhani yozengereza.

Ilala ikapuma, zilumba zimamva

Mwa chizolowezi Ilala imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu, kulowera ku Nkhotakota, Likoma, Chizumulu, Nkhata Bay, Usisya, Ruarwe mpaka ku Chilumba, n'kubwerera. M'malo ambiri mulibe pokocheza, ndiye imaponya nangula patali, maboti ake awiri n'kumatuta anthu, matumba a chimanga, simenti, malata, shuga ndi mabasiketi a usipa. Kwa anthu a ku Likoma ndi Chizumulu, komanso midzi ya m'munsi mwa mapiri ngati Ruarwe komwe galimoto sifika, sitimayi ndiye msewu wawo.

Choncho chilengezo choti Ilala yapita kokakonzedwa chimalandiridwa ndi nkhawa. Katundu amachepa m'magolosale, mitengo imakwera, ndipo odwala otumizidwa ku chipatala chachikulu, ana asukulu ndi amalonda amayamba kudalira maboti amatabwa, ngakhale m'miyezi ya mwera. Mu 2012 Ilala inachoka panyanja kwa miyezi yambiri, nibwerera mu 2013 ili ndi mainjini atsopano. Chilembwe, yomwe inayamba kuyenda mu 2014, yakhala ikugwirizira Ilala ikapuma, koma sinyamula katundu wochuluka ngati mkulu wakeyo.

Apa ndi pomwe oyendetsa sitima amapanikizika. Akaichotsa panyanja, anthu amadandaula ndipo ndalama sizilowa. Akaisiya iziyendabe, dzimbiri silidikira. Dziko lokhala ndi sitima imodzi yodalirika limakopeka kuchedwetsa tsiku la doko, ndipo kuchedwetsako ndi komwe kumasandutsa ntchito ya masabata kukhala ya miyezi.

Eni ake asinthasintha, yadi ndi yomweyo

Malo a ku Monkey Bay adutsa m'manja ambiri. Anali a Nyasaland Railways, kenako Malawi Railways, kenako Malawi Lake Services itapatulidwa ku njanji m'zaka za m'ma 1990. Boma linabwereketsa ntchitoyi ku Glens Waterways kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo mu 2010 linaipereka ku Mota-Engil ya ku Portugal kudzera mu Malawi Shipping Company. Sitima zomwe zinabwera pambuyo pa ufulu, monga Mtendere ya 1980 yochokera ku Germany, nazo zinafika m'zidutswa n'kulumikizidwa pomwepo. Pafupi pake pali Marine Training College, komwe kumaphunzira makaputeni ndi mainjiniya a sitima.

Zomwe yadi imeneyi ingathe ndi zomwe singathe zimaoneka pa Chauncy Maples. Amishoni anaigulitsa ku boma mu 1953, inagwirapo ntchito ya usodzi, ndipo mu 1967 a Malawi Railways anaikonzanso kukhala ya anthu ndi katundu. Injini yake ya nthunzi anaichotsa n'kuikamo ya dizilo, ndipo yakaleyo ili ku nyumba yosungira zakale ya Lake Malawi Museum ku Mangochi. Inayenda mpaka 1992, kenako inangoima, mpaka kusanduka malo omwera mowa. Cha mu 2009 bungwe la Chauncy Maples Malawi Trust, mothandizidwa ndi kampani ya Thomas Miller ya ku London, linayamba kusonkhetsa ndalama zoti sitimayi isanduke chipatala choyenda panyanja. Anaikokera kumtunda ku Monkey Bay ntchito n'kuyambika, koma sinafike pomwe eni ake ankafuna, ndipo chipatalacho sichinayende. Mtendere nayo, ngakhale ndi yaing'ono kwa Ilala ndi zaka makumi atatu, inakhala zaka zambiri itangoima pa Monkey Bay. Kutulutsa sitima m'madzi amisiri athu amakutha. Chomwe chakhala chikusowa ndi ndalama zoti ikatuluka, ntchito ithe ibwererenso.

Doko loyandama nalonso ndi chitsulo chokhala m'madzi. Mathanki ake amachita dzimbiri, mapampu ndi mavavu ake amatha, ndipo limafuna kupalidwa ndi kupakidwa penti ngati sitima zomwe limanyamula. Likafooka, sitima yaikulu iliyonse ya Malawi, yakale kapena yatsopano, ilibe kwina koti ikaonedwe kunsi m'dziko muno. Nkhani yogula sitima yolowa m'malo mwa Ilala yakhala ikumveka kwa zaka zambiri, ku Nyumba ya Malamulo ndi pa misonkhano ya ndale ya m'maboma a m'mphepete mwa nyanja. Tsiku lomwe aphungu adzakhale pansi kuvomereza ndalama za sitimayo, ndalama za doko la ku Monkey Bay, mapampu ake ndi maphunziro a achinyamata owotcherera zitsulo zidzakhale mu bajeti yomweyo.